Ukwati subwerezedwa: tsegulani maso pogula khadi la m'kamera

Kuyambira mwezi wa Ogasiti mpaka mvula yoyamba, munthu wokhala ndi kamera ku Mangochi sagona ndi njala. Anamwali akutuluka ku jando ndi ku nsondo atavala zatsopano, makolo akufuna chithunzi. Loweruka lililonse kuli ukwati, wa kutchalitchi kapena wa Chisilamu. Ana a sukulu akutsika m'mabasi ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear kudzaona nyanja imene amangoimva m'kalasi. Mabwana a m'tauni adzaza magombe a Nkopola ndi Makokola, ati ali pa msonkhano. A ku Joni nawo abwera kudzaona abale, ndipo akufuna umboni wakuti adafikadi kumudzi. Paliponse pamene pasonkhana anthu asanu, mupezapo mnyamata kamera ili lende pakhosi.

Tsono mufunseni mnyamatayo za kamera yakeyo. Akuuzani kuti ndi Canon kapena Nikon, akuuzani ndalama zimene idamudyera, ngakhale dzina la mlamu wake amene adabwera nayo kuchokera ku Johannesburg. Koma mufunseni za kakhadi kamene kali m'mimba mwa kameramo, kaja timati memory card, mumva kuti: "Aaa, kameneko ndidangotola pa benchi. Bola ma GB akhale ambiri." Apa ndi pamene pagona nkhani yathu lero.

Abale anga, kamera imangoona, chosunga ndi khadi. Kamera yodula yokhala ndi khadi lachabechabe ili ngati bwato latsopano lokhala ndi ukonde wong'ambika: mupalasa usiku wonse, m'mawa mufika pagombe opanda ndi usipa umodzi womwe. Kusiyana kwake n'kwakuti msodzi mawa abwereranso pamadzi. Wojambula ukwati alibe mawa. Mkwatibwi sadzavalanso velo lija, ankhoswe sadzaimanso pamodzi, ndipo agogo amene adavina pa perekaniperekani mwina chaka chamawa adzakhala atatsogola.

Kale zinali 36 basi

Amene tidakula m'zaka za m'ma 1990 tikumukumbuka wojambula wa pa njinga. Filimu yake inkatenga zithunzi 24 kapena 36, ndipo asanadine ankayamba waganiza, chifukwa kudina kulikonse kunali ndalama. Ikadzaza ankapita nayo kutauni kukatsukitsa, inu n'kudikira sabata kapena ziwiri. Filimuyo ikapsa, zotayika zinali 36 zokhazo. Ikatuluka bwino, negativi inkatsala, moti chithunzi chikanyowa ndi mvula munkatha kukatsukitsanso china.

Lero filimu ndi negativi zonse zalowa m'kanthu kochepa ngati sitampa. Luso limeneli lidayamba pang'onopang'ono. Kamera yoyamba yosafuna filimu adaipanga Steven Sasson wa ku kampani ya Kodak mu 1975, ndipo inkasunga chithunzi pa kaseti, chimodzi chokha n'kutenga masekondi 23 kuti chilembeke. M'zaka za m'ma 1980 Fujio Masuoka wa ku Toshiba ku Japan adatulukira njira yosungira zinthu m'kachipangizo kosaiwala ngakhale magetsi atazima. Makhadi onse amene tikukambawa ndi zidzukulu za nzeru imeneyo. Ubwino wake tonse tikuuona: kakhadi kamodzi kamanyamula zithunzi zikwizikwi. Koma kumbukiraninso kuti kakafa, kamafa ndi zikwi zonsezo.

Funso loyamba: kamera yanu imadya chiyani?

Poyamba kampani iliyonse inkafuna kuti dziko lonse ligwiritse ntchito khadi lake. SanDisk idatulutsa CompactFlash mu 1994, khadi lalikulu pafupifupi ngati bokosi la machesi koma lophwatalala. Toshiba idabwera ndi SmartMedia mu 1995, limene silidapitirire 128 MB. Sony idatulutsa Memory Stick mu 1998. Olympus ndi Fujifilm adagwirizana pa xD mu 2002, ndipo lidathera pa 2 GB. Koma limene lidapambana mpikisanowu ndi SD, limene makampani atatu a SanDisk, Panasonic ndi Toshiba adalengeza mu 1999, pamodzi ndi mng'ono wake microSD wa mu 2005, uja ali m'mafoni athu.

Wina anena kuti mbiri yakaleyi ndi ya chiyani. Yankho lake n'lakuti makamera ambiri amene amafika kuno si atsopano. Ndi a kaunjika, ochokera ku Joni, ku Ulaya, kapena osiyidwa ndi mlendo amene adatopa nawo. Nkhondo ya makhadi imene idatha kalekale kunja, kuno ikadali m'masutikesi mwathu. Choncho musanalipire kamera yakale, tsegulani kachitseko ka khadi muone. Ngati ndi Olympus kapena Fujifilm yofuna xD, dziwani kuti makhadi amenewo adaleka kupangidwa, mudzayenda Limbe yense osalipeza. Tima Sony Cyber-shot tambiri ta chisanafike chaka cha 2010 timafuna Memory Stick. Canon 350D, Canon 400D ndi Nikon D70 zimafuna CompactFlash. Limeneli likupezekabe ndipo n'lolimba, koma m'kati mwa kamera muli timinga 50 topyapyala timene timalowa m'khadilo. Mukalikankha mokakamiza, kaminga kamodzi kakapindika, kamera yonse yagona.

Ngakhale a banja la SD safanana, ngakhale kuti maonekedwe awo ndi amodzi. SD wamba amathera pa 2 GB. SDHC, amene adabwera mu 2006, amafika 32 GB. SDXC wa mu 2009 ndiye uja wa 64 GB, 128 GB mpaka 2 TB. Lamulo lake n'losavuta: kamera yatsopano imawerenga makhadi akale, koma kamera yakale sidziwa makhadi amene adabadwa iyo itapangidwa kale. Nikon D50 ya mu 2005 imadziwa SD wamba yekha. Canon 450D ndi Nikon D3000 zimathera pa 32 GB. Canon 550D ndi Nikon D3100, zonse za mu 2010, ndizo zimalandira SDXC. Ndiye munthu amagula khadi la 64 GB, kamera n'kulikana, iye n'kubwerera kukatukwana wogulitsa kuti wamugulitsa chakufa, chonsecho khadilo lilibe mlandu. Safunsa adadya phula. Chizindikiro cha SDHC kapena SDXC chimalembedwa pa khadi, ndipo buku la kamera iliyonse likupezeka pa intaneti kwaulere.

Nanga kaja ka m'foni, kuika mu adaputa n'kulowetsa m'kamera? Kamagwira ntchito, inde, ndipo ambiri akuchita zomwezo chifukwa microSD ndi amene ali mbwee m'misika. Koma adaputa ndi kapulasitiki kotchipa kokhala ndi tizitsulo tina pakati, kutanthauza kuti mwawonjezera malo ena pamene zinthu zingalakwike. Kaswitchi kake ka m'mbali kolembedwa Lock kamakhwepa, n'kutsetsereka kokha polowetsa, kamera n'kukana kujambula. Pa tsiku la phwando la kubadwa kwa mwana wanu palibe vuto. Pa ukwati wa eni ake umene mwalandirira kale ndalama, gulani SD wamkulu. Malo enieni a microSD ndi m'foni, m'droni, ndi m'tima GoPro tija anyamata a ku Chembe amajambulira mbuna pansi pa madzi ku chilumba cha Thumbi. Aliponso makhadi a CFexpress a makamera apamwamba a masiku ano, koma amene ali ndi kamera yotere safunika kuuzidwa ndi ine.

Funso lachiwiri: liwiro

Pa khadi pamalembedwa nambala yaikulu yokopa maso, monga 100 MB/s kapena 120 MB/s. Nambala imeneyi kawirikawiri ndi liwiro lotulutsira zithunzi kupita ku kompyuta, ndiponso ndi la tsiku limene zonse zili bwino. Chimene kamera imafuna ndi liwiro lolowetsera, ndipo limeneli limabisala m'tizizindikiro ting'onoting'ono timene ambiri sitiyang'ana.

Nambala 10 yozunguliridwa ndi chilembo C ikutanthauza kuti khadilo silitsika pansi pa 10 MB pa sekondi polemba. Nambala 1 m'kati mwa chilembo U ndi chimodzimodzi. Nambala 3 m'kati mwa U, kapena V30, ndi 30 MB pa sekondi. V60 ndi V90 ndi za akatswiri a kanema. Mukaona C4 kapena C6, amenewo ndi akale, asiyireni wailesi ya nyimbo. Zija za A1 ndi A2 n'zokhudza mapulogalamu a m'foni, kamera ilibe nazo ntchito.

Kuti timvetse chifukwa chake, taganizani munthu wothira mafuta m'chigubu. Kamera ili ndi kabeseni kake m'kati kamene kamalandira zithunzi msangamsanga, kenaka n'kumathira m'khadi. Ngati kukamwa kwa chigubu n'kochepa, beseni limadzaza, ndipo wothira amayamba waima. Ndicho chifukwa chake wojambula amadina kasanu, kasanu ndi kamodzi, kenaka kamera n'kuuma, kanyali kofiira kakungothwanima, pamene mkwati akuveka mphete. Pa kanema ndiye zimanyanya: kamera imangosiya yokha kujambula pakati pa ulaliki.

Tsono musaononge ndalama mbali zonse ziwiri. Wojambula zithunzi wamba za JPEG ndi kanema wa Full HD, C10 kapena U1 amukwanira. Wojambula RAW motsatizana, kapena kanema wa 4K, kapena wouluza droni, asatsike pansi pa V30. Makhadi odula a UHS-II, aja ali ndi mizere iwiri ya tizitsulo kumbuyo, amathamangadi, koma pokhapokha kamera yanu ili ndi mano a mzere wachiwiriwo. Ngati ilibe, mwagula galimoto ya mpikisano yoyendera msewu wa ku Makanjira nthawi ya dzinja.

Chikomekome cha nkhuyu

Tafika pa chilonda chenicheni. Mdani wamkulu wa wojambula wa kuno ndi khadi la feki. Ambiri timaganiza kuti feki ndi chinthu chimene chimangofa msanga. Khadi la feki n'loipa kuposa pamenepo, chifukwa limanama.

M'kati mwa khadi muli zinthu ziwiri: nkhokwe yosungira, ndi kakapitawo kamene kamauza kamera kukula kwa nkhokweyo. Akathyali amatenga nkhokwe yaing'ono, tinene ya 8 GB, n'kumuphunzitsa kapitawoyo kuti aliyense akafunsa aziyankha kuti muno ndi 128 GB. Kunja amamata dzina la kampani yotchuka. Mukaliika m'foni, foni inena 128 GB. Mukaliika m'kompyuta, nayonso ivomera. Mukajambula zithunzi zitatu pa benchi pomwepo kuti muyese, zonse zituluka bwinobwino, inu n'kulipira mukumwetulira.

Tsoka limadza nkhokwe yeniyeni ija ikadzaza. Kapitawo wabodzayo sanena kuti malo atha. Amangolandirabe, zina n'kumaponya kuphompho, kapena kumalemba pamwamba pa zimene zidalowa poyamba. Kamera ikuwerenga kuti zithunzi zafika 1,500, maina ake onse akuoneka. Madzulo mukafika ku situdiyo kuti mutsegule, theka lake n'lotuwa, lina likukana kutseguka. Za kutchalitchi zilipo, za ku holo kulibe, kapena za ku holo zadya za kutchalitchi. Ndipo palibe katswiri, kaya ku Blantyre kaya ku London, amene angabweze chithunzi chimene sichidalembedwe n'komwe. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Chizindikiro choyamba ndi mtengo. Makhadi sitipanga kuno, amabwera ndi ndalama zakunja. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja chidakwera. Ndiye wina akuonetseni khadi la 128 GB pa mtengo wa mulu wa usipa, inu n'kumati mwatola? Fananitsani ndi mtengo wa m'sitolo yodziwika. Ngati kusiyana kwake kuli kwa theka kapena kuposa, ikani ndalama zanu m'thumba. Yang'ananinso kalembedwe: zilembo zofufutika, dzina lolembedwa molakwika, pepala lomatidwa mopendama. Koma musadalire maso okha, pakuti akuba a masiku ano amasindikiza bwino kuposa kale.

Umboni weniweni ndi kuliyesa. Pali pulogalamu yaulere ya pa kompyuta za Windows yotchedwa H2testw, ndi inzake F3 ya pa Mac ndi Linux. Ntchito yake n'kudzaza khadi lonse mpaka pakamwa, kenaka n'kuwerenganso kuti ione ngati zonse zimene idaika zilimo. Zimatenga nthawi, mwina ola kapena kuposa malinga ndi kukula kwa khadi, koma pamapeto imakuuzani chilungamo, ndi liwiro lenileni lomwe. Ngati mulibe kompyuta, dzazani khadilo ndi mafilimu mpaka likane, kenaka tsegulani oyamba, apakati ndi omaliza. Onse akasewera mpaka kumapeto, khadilo n'lenileni. Chitani zimenezi Lachiwiri, osati m'mawa wa Loweruka la ukwati.

Chenjezo limodzi kuti tisanamizire anthu osalakwa: khadi la 64 GB limaonetsa pafupifupi 59 GB pa kompyuta, ndipo la 32 GB limaonetsa 29 ndi kanthu. Kumeneko si kuba. Opanga amawerenga ndi 1,000 pamene kompyuta imawerenga ndi 1,024. Kuba ndi pamene 64 yasanduka 8.

Lalikulu limodzi kapena ang'ono awiri?

Tiyeni tiwerengere. Chithunzi cha JPEG cha kamera ya ma megapixel 24 chimadya pafupifupi 10 MB. Ndiye kuti 1 GB imatenga zithunzi ngati 100, ndipo khadi la 32 GB limanyamula pafupifupi 3,000. Mukamajambula RAW, zitsika kufika cha m'ma 1,000. Ndi ukwati uti wa kwa Mponda kapena ku Namwera umene ungafune zithunzi zoposa pamenepa? Chimene chimachitika ndi khadi la 128 GB n'chakuti wojambula amachita ulesi. Ukwati wa sabata yatha uli momwemo, chinamwali cha mwezi watha chili momwemo, ma passport size a ana a Fomu 4 ali momwemo. Tsiku limene khadilo lidzagwere m'madzi pokwera boti, makasitomala a miyezi itatu adzalira tsiku limodzi.

Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa, koma pa nkhani iyi phanga limodzi ndilo livumbwitsa. Makhadi awiri kapena atatu a 32 GB enieni amaposa limodzi lalikulu. Lina la kutchalitchi kapena kumzikiti, lina la ku madyerero. Limodzi likavuta, simubwerera kwa eni ukwati chimanjamanja. Amene ali ndi kamera ya malo awiri a khadi, monga Nikon D7000, Nikon D750 kapena Canon 5D Mark III, aiuze kuti izilemba chithunzi chilichonse pa makhadi onse awiri. Ambiri amaika lachiwiri kuti lizidikira loyamba lidzaze, kumene kuli kutaya chitetezo chimene adalipira kale. Okhawo a kanema ndiwo ali ndi chifukwa chogulira zazikulu, popeza 4K imatha kumeza 45 GB pa ola limodzi.

Mchenga, madzi ndi tizilombo

Kunyanja kuno khadi lili ndi adani akeake. Woyamba ndi mchenga. Khadi loponyedwa m'thumba la thalauza pamodzi ndi makobidi ndi mchenga wa pagombe limakalika tizitsulo take tagolide, ndipo kamchenga kamodzi kakalowa m'kamera kamayambitsa mavuto osatha. Sungani makhadi m'kabokosi kake, ndipo posintha fulatirani mwera. Likagwera m'madzi musataye mtima: madzi a nyanja yathu alibe mchere, ndipo khadi lenileni nthawi zambiri limapulumuka. Lipukuteni, lisiyeni pamthunzi liume kotheratu tsiku lonse, kenaka ndiye muliyese. Kulilowetsa lonyowa ndiko kumalipha.

Musazule khadi kanyali kofiira kakuthwanima, ndipo musaumirire kujambula batire ili pafupi kutha, chifukwa kamera ikazima pakati pa kulemba imatha kusokoneza khadi lonse. Chimodzimodzi magetsi akazima mukukopera pa kompyuta yopanda batire. Mukatha kukopa zithunzi, n'kutsimikiza kuti zatsegukadi kumene mwaziika, fomatani khadilo m'kamera momwemo, osati pa kompyuta. Ndipo khadi la ntchito lisamayendeyende: lero m'kamera, mawa m'foni, mkuja pa benchi ya anyamata oika nyimbo. Makompyuta a pamalo otere amalandira makhadi a anthu mazanamazana, ndipo ndi mmene mumafalikira kachilombo kaja kosandutsa mafoda kukhala ma shortcut. Mwamwayi kameneka kawirikawiri kamangobisa zithunzi, sikazifufuta, choncho musathamangire kufomata.

Mukafufuta zithunzi mwangozi, lamulo ndi limodzi: lekani kujambula nthawi yomweyo, tulutsani khadi. Kufufuta kumangochotsa dzina m'kaundula, chithunzicho chimakhala chikadali m'nkhokwe mpaka china chidzalembedwe pamwamba pake. Mapulogalamu aulere monga PhotoRec ndi Recuva amatha kubweza zambiri.

Koma mpeni umenewu ndi wakuthwa konsekonse, ndipo apa ndikulankhula ndi inu ophunzira. Ngati inu mungabweze zofufutidwa, amene mwamugulitsa kapena kumubwereka khadi angathenso. Zithunzi zija mudajambulana kunyanja n'kufufuta, poganiza kuti zatha, zikhoza kudzatulukira pa WhatsApp ya kalasi yonse. Lilipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016 loletsa kuzunza anthu kudzera pa intaneti, koma khoti silingabweze ulemu umene wayenda kale m'mafoni 500. Musanapereke khadi kwa wina, lifomateni, mulidzaze ndi zinthu zopanda pake mpaka pakamwa, n'kulifomatanso. Kapena ingolisungani, si lodula kuposa mbiri yanu.

Khadi ndi dengu, si nkhokwe ya chaka

Cholakwika china chimene chafala n'kuyesa khadi malo osungiramo zithunzi mpaka kalekale. Khadi limasunga zinthu ndi timphamvu ta magetsi totsekeredwa m'tizipinda tosaoneka ndi maso. Timphamvuti timatha kuchucha pakapita zaka, ndipo tizipindato timatopa tikalembedwa kambirimbiri. Ntchito ya khadi ndi ya dengu: kunyamula chimanga kuchokera kumunda kukafika kunyumba. Chithunzi chofunika chikhale malo awiri osiyana, pa laputopu ndi pa hard drive, kapena pa intaneti ngati bandulo ilola. Zotumizirana pa WhatsApp musaziwerengere, chifukwa zimafika zitafinyidwa, moti mukafuna kutsukitsa chachikulu cha pakhoma chimatuluka mbuu. Ndipo zabwino kwambiri khumi kapena makumi awiri, tsukitsani papepala.

Taonani pa boma pathu pomwepa. Nsanja ya wotchi ya Queen Victoria yaima pafupi ndi mtsinje wa Shire kuyambira 1903. Pambali pake pali mfuti ya sitima ya Guendolen ya nkhondo ya 1914, ndi chikumbutso cha anthu 145 amene adamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Zithunzi za masiku amene tauni ino inkatchedwa Fort Johnston zikuonekabe lero chifukwa zidali papepala, ndipo mabungwe monga Society of Malawi ku Mandala mu Blantyre ndi National Archives ku Zomba amasunga zoterezi. Nanga zathu? Ukwati wa mu 2005 uli pa khadi la xD m'sutikesi, chowerengera chake chidasowa. Mlatho wa Bakili Muluzi tidaujambula uli watsopano. Chisangalalo cha Lake of Stars chidachitikira ku Nkopola mu 2010, 2011, 2014 ndi 2015, anthu adajambula osawerengeka. Mu 2024 nyanja idakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa gombe, aliyense adatulutsa foni. Pa zonsezi, ndi zingati zimene zidzukulu zathu zidzaone? Mbadwo umene wajambula kwambiri kuposa mibadwo yonse ukhoza kudzakhala umene wasiya zochepa.

Mawu kwa amalonda

Sindikunena kuti aliyense wogulitsa khadi la feki ndi wakuba. Ambiri mwa anyamata a pa benchi nawonso adapusitsidwa kumene amaoda, kaya ku Limbe, ku Lilongwe, ku Joni kapena ku Dar es Salaam. Koma kasitomala sadziwa wa ku Dar es Salaam, amadziwa inu. Ndipo Mangochi ndi tauni yaing'ono. Wojambula mmodzi akataya ukwati chifukwa cha khadi la pa benchi panu, pofika Lolemba ojambula onse kuyambira pa boma mpaka ku Monkey Bay amva. Phindu la tsiku limodzi lathamangitsa makasitomala a chaka chonse.

Yesaniko makhadi angapo pa katoni iliyonse musanayambe kugulitsa. Akapezeka abodza, bwezani kumene mudaoda ndipo musadzapiteko. Lembani lisiti, ndipo muuzeni wogula kuti akaliyese, likalephera abwere nalo. Wamalonda woyamba pamsika amene adzaike chikwangwani chakuti makhadi ake ndi oyesedwa, n'kukhaladi oyesedwa, sadzasowa anthu. Nanunso ophunzira okhala ndi laputopu, nayi ganyu: kuyesera anthu makhadi pa kamtengo kochepa. Pulogalamu yake ndi yaulere, mpamba wake ndi nthawi yanu basi.

Ogula nafenso tisiye manyazi opempha lisiti. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la mu 2003, lilinso ndi bungwe la boma la Competition and Fair Trading Commission limene limalandira madandaulo a anthu ogulitsidwa katundu mwachinyengo, komanso la Consumers Association of Malawi lolankhulira ogula. Koma mukadandaula bwanji opanda kapepala kosonyeza kumene mudagula? A bungwe la ojambula la Photographers Association of Malawi nawo angathandize pofalitsa uthengawu kwa anyamata a m'maboma, amene ambiri adaphunzira ntchitoyi pongoonera anzawo.

Ndipo inu amene mukukonza ukwati chaka chino, pokambirana ndi wojambula musathere pa mtengo ndi kuchuluka kwa zithunzi. Mufunseni kuti abwera ndi makhadi angati, adawayesa liti, ndipo akatha kujambula akasunga kuti. Wodziwa ntchito yake ayankha mosavuta. Akayamba kukanda m'mutu, funani wina nthawi ikadalipo. Mwalipira holo, mwalipira keke, mwagula mbuzi ndi mpunga, zonsezo pofika Lamulungu zidzakhala zitatha. Chotsala ndi chimene chalowa m'kakhadi kaja. Wakutsina khutu ndi mnansi.